Kalata yotseguka kwa akuluakulu oona za mtendere: musadikire kuti utsi ufuke

Kwa Wapampando ndi makomishonala a Malawi Peace and Unity Commission, akuluakulu a Public Affairs Committee (PAC), Unduna wa Zamaphunziro, Unduna woona za maboma ang'onoang'ono, mabwanamkubwa a maboma onse ndi mafumu athu aakulu.

Olemekezeka akuluakulu,

Landirani moni wathu. Takulemberani poyera chifukwa nkhaniyi ndi ya aliyense, ndipo pempho lathu ndi limodzi. Makomiti a mtendere ndi umodzi a m'maboma, amene lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 lidawapatsa mphamvu, atsikire kumalo kumene anthu a zipembedzo zosiyana amakumana tsiku ndi tsiku, ndipo azikafikako utsi usanafuke. Malowo ngodziwika: pasiwa, kumanda, pageti la sukulu, pamsika wa nyama, panjira yodutsa m'mbali mwa dambwe kapena ndagala (msasa wa jando), ndi pakhomo pa gogo amene mneneri wamuloza chala. Mikangano yambiri imene timaitcha ya chipembedzo imayambira pamenepa, pa nkhani yoti anthu asanu akadaithetsa m'mawa umodzi atakhala pamphasa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, anthu 77 mwa 100 alionse ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Chiwerengerochi chikawerengedwa muofesi chimanamiza. Ku Mangochi ndi ku Machinga Asilamu ndiwo ochuluka. Amene adauza owerenga anthu kuti ndi a chipembedzo cha makolo adali mmodzi yekha mwa 100, koma aliyense wodziwa Dedza, Dowa, Ntchisi, Mchinji, Kasungu ndi midzi ya Lilongwe akudziwa kuti bambo yemwe wakhala pabenchi la m'tchalitchi Lamulungu ndi yemweyo amene akudziwa njira ya kudambwe. M'banja limodzi mumapezeka mayi wa Mvano, mlamu wake wopita kumzikiti ndi malume woimba ng'oma za gule. Tsono mkangano ukabuka, umang'amba anthu odyera m'mbale imodzi.

Sitikuiwala zimene atsogoleri a zipembedzo adachitira dziko lino. Kalata ya maepiskopi a Chikatolika yowerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idatsegula pakamwa pa mtundu wonse. Chaka chomwecho PAC idabadwa, Akhristu ndi Asilamu ali pamodzi, ndipo idakambirana ndi boma mpaka tidafika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Imfa za anthu pafupifupi 20 pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 ndizo zidachititsa kuti dziko liyambe kuganiza za dongosolo lokhazikika la mtendere, ndipo kuchokera apo tidaona makomiti oyesera ku Karonga, Kasungu ndi Mangochi, ndondomeko ya mtendere ya 2017, kenako lamulo la 2022. Koma mbiri yabwinoyi yatizoloweza kuganiza kuti mtendere umapangidwa ndi maepiskopi ndi mashehe akuluakulu m'chipinda cha hotela. Njira imeneyo imagwira pa nkhani za chisankho. Pa nkhani ya maliro a mawa m'mawa imafika mochedwa.

Taonani mmene nkhani ya hijabu idayendera. Sukulu zambiri za pulayimale m'dziko muno eni ake ndi mipingo, koma aphunzitsi amalipidwa ndi boma ndipo ana ake ndi a m'midzi yozungulira, kaya makolo awo amapemphera kuti. Mphunzitsi wamkulu amakhala pakati pa mabwana awiri, mpingo ukuti yunifolomu ya sukulu yathu ndi iyi, kholo likuti mwana wanga wamkazi watha msinkhu ndipo sukulu ina yapafupi kulibe. Mu Novembala 2019 pasukulu ya Anglican ya M'manga ku Balaka anthu adavulala, mzikiti ndi nyumba ya wansembe zidaonongedwa. Mu Okutobala 2020 ofesi ya mphunzitsi wamkulu pasukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga idatenthedwa. Mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma udasainidwa mu Juni 2021, PAC ili pakati. Timauyamikira mgwirizanowo. Koma kuchokera ku M'manga kufika tsiku losainalo padadutsa miyezi yoposa 18, ndipo amene adataya masiku a sukulu m'nyengo imeneyo ndi ana.

Pepala losainidwa ku likulu siligwira ntchito pageti ngati mlonda, mphunzitsi wa Sitandade 6 ndi mkulu wa mpingo wa pamalopo sadaliwerenge. Tikupempha Unduna wa Zamaphunziro kuti mgwirizanowo ulembedwe mwachidule, tsamba limodzi, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, upachikidwe muofesi ya sukulu iliyonse. Sabata imodzi teremu yoyamba isanayambe, komiti ya sukulu, PTA, amayi a mother group, woimira mpingo mwini sukulu, shehe wa mzikiti wapafupi ndi nyakwawa akhale pansi amalize zinthu zing'onozing'ono zimene zimautsa mapiri pachigwa. Mtundu wa hijabu ufanane ndi yunifolomu, ndipo nsalu yake ikhale yopezeka pamsika wapafupi kuti kholo losauka lisalephere. Ana a makalasi akuluakulu, amene amaweruka mochedwa, adziwe nthawi yotuluka Lachisanu kupita ku Juma ndi nthawi yobwerera. Maphunziro apadera a Sitandade 8 akaikidwa Loweruka, ana a Seventh Day apatsidwe tsiku lina. Mwana wa Mboni za Yehova amene waima mwaulemu osaimba nyimbo ya fuko asakwapulidwe. Dziko lino lidaletsa chipembedzo chimenechi kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo zimene zidachitika m'zaka zimenezo zikhale zokwanira. Mwana wa Chirasta alembedwe ndi tsitsi lake, monga khoti lalikulu ku Zomba lidagamulira mu Meyi 2023.

Pamwamba pa zonsezi pakhale lamulo limodzi losavuta kukumbukira: mwana sabwezedwa pageti chifukwa cha chovala kapena tsitsi lachipembedzo. Alowe m'kalasi, kholo lilemberedwe kalata, ndipo ngati sizikutheka PEA, mlangizi wa zamaphunziro wa zoni, adziwitsidwe pasanathe masiku atatu. Mtsikana akabwerera kumudzi akulira nthawi ya 8 koloko m'mawa, pofika 10 koloko nkhaniyo yafika pagulu la WhatsApp la mzikiti kapena la mpingo itasinthidwa kale, ndipo amene akubwera kusukuluko masana sakubwera kudzafunsa.

Tsopano za maliro, pakuti ndi pamene pamafunika maso anu kwambiri. Maliro n'kulirana, ndipo mudzi wa Chimalawi udapeza kale njira yolirana popanda kufunsana chipembedzo. Munthu akatisiya, woyamba kuuzidwa ndi mfumu. Mfumu ikalola, uthenga umapita, adzukulu amanyamula makasu, amayi amasonkha ufa khomo ndi khomo, ena nkhuni, ena madzi. Chipepeso chimalengezedwa ndi maina. M'madera osakanikirana, mbuzi ya pamaliro kapena paukwati amaitanira Msilamu kuti adzazinge, kuti aliyense adye mopanda chikaiko. Palibe lamulo la boma lidalamula zimenezi. Ndi nzeru za anthu okhala moyandikana, ndipo komiti ya mtendere imene siidziwa nzeru zimenezi ikuyamba ntchito ili chimanjamanja.

Pamene pamavuta ndi pamene womwalirayo ali wa mbali ziwiri. Asilamu amaika maliro mwachangu, kawirikawiri tsiku lomwelo: thupi limasambitsidwa, limakulungidwa m'sanda, limanyamulidwa pajeneza, ndipo manda amakumbidwa ndi kachipinda ka m'mbali. Akhristu amadikira mwana wochokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, amagula bokosi, kwaya imachezera usiku wonse. Tsono taganizani mayi wobadwira m'Chisilamu amene adakwatiwa ndi Mkhristu nabatizidwa. Kwa Ayao ndi Achewa mwinimbumba ndi malume, ndipo iye akuti mlongo wanga agone lero mwa chikhalidwe cha kwathu. Mwamuna wake akuti mkazi wanga adali wa Chigwirizano, amayi anzake abwera ndi yunifolomu. Mbali iliyonse ikunena zoona, ndipo thupi lili m'nyumba. Chimodzimodzi bambo amene adalowa gule ali mnyamata nadzabatizidwa atakula: zilombo zikangotulukira kuti ziperekeze mnzawo, akulu a mpingo amatseka mabuku a nyimbo n'kunyamuka, banja n'kutsala ndi manyazi amene sadzaiwalika. Mkangano wa malire a munda umene udzabuke zaka zitatu kutsogolo nthawi zambiri muzu wake ndi tsiku limeneli.

Chimene chimathandiza n'chaching'ono. Khasu lisanagunde pansi, anthu awa akumane kuseri kwa nyumba kwa mphindi 20 kapena 30: mfumu, mwinimbumba, wamasiye kapena mwana wamkulu, atsogoleri a zipembedzo zokhudzidwa, ndi mkulu wa adzukulu. Agwirizane amene atsogolere mwambo, nthawi yonyamuka kupita kumanda, kakumbidwe ka manda, ndi amene azinge nyama pamodzi ndi miphika yophikira. Poyambira pakhale pa chimene womwalirayo ankatsata masiku ake otsiriza, umboni wake kukhala khadi la mpingo, kupezeka kwake kumzikiti kapena mawu amene adasiya pamaso pa anthu awiri. Mbali imene sitsogolera isachotsedwe chimanjamanja: ipatsidwe nthawi yake yolankhula kapena kupemphera pakhomo thupi lisanatuluke, kapena tsiku lake lapadera. A gule angathe kudzalira mnzawo pa mwambo wa kumeta kapena pomanga chiliza. Achibale achisilamu amene amachita sadaka ya masiku 40 achite popanda wowaletsa. Zimene agwirizanazo alengeze ndi mfumu, kapena nduna yake, pamaso pa onse. Akalengeza m'busa kapena shehe, mbali inayo imamva ngati yagonja.

Apa tiwonjezepo mawu kwa inu a PAC. Mikangano ina ya pamaliro ndi ya m'nyumba imodzi. Pakati pa Asilamu, a Kadiriya amaperekeza maliro ndi sikiri (mayimbidwe otamanda Mulungu) ndipo amasunga sadaka, pamene ena amati maliro ayende mwachete ndipo sadakayo savomereza. Komiti ya boma ikakhala ndi shehe mmodzi yekha, theka la Asilamu a m'deralo limaona kuti silikuimiridwa. N'chifukwa chake m'PAC muli Muslim Association of Malawi komanso Quadria Muslim Association of Malawi ya a Kadiriya, ndipo momwemo ziyenera kukhalira mpaka kwa gulupu. Kwa Akhristu nakonso, kukana kuimba maliro a munthu amene adali pachilango cha mpingo ndi ufulu wa mpingo, sitikutsutsa. Koma banja liuzidwe usiku womwewo, mwakachetechete, kuti lipeze wina wopemphera. Kuwauza bokosi lili kale pabwalo n'kuwavula pagulu.

Za nyama ya nkhumba tidutsapo msanga. Khonsolo ipatule malo a kapado pamsika, patali ndi pamene pamagulitsidwa nyama yozinga ndiponso osati pakhomo la mzikiti, mipeni ndi masikelo zisasakanikirane. Wogulitsa ali ndi ufulu wochita malonda ake, wosadya ali ndi ufulu wogula nyama mtima uli m'malo. Zimkuzamawu nazonso, kaya ndi za azana (kuitanira anthu kumzikiti) ya m'bandakucha kapena za mapemphero ochezera, n'zokambirana: lipenga liloze kutali ndi chipatala ndi malo ogona ana asukulu, ndipo nthawi ya mayeso a MANEB phokoso la usiku lichepe mbali zonse.

Nkhani ya gule wamkulu ndi mipingo ndi yakale kuposa tonsefe. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 ndi ansembe a Chikatolika ku Mua mu 1902 adapeza madambwe alipo, ndipo kulimbirana anyamata pakati pa sukulu ya mishoni ndi dambwe kudayamba pomwepo. Njira zokhalira limodzi zidapezekanso. Sinodi ya Nkhoma idakonza chilangizo kuti ana a Akhristu alandire mwambo m'manja mwa alangizi a mpingo. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 adasonyeza kuti wansembe angathe kuphunzira tanthauzo la gule mwaulemu popanda kusiya unsembe wake. Mu 2005 UNESCO idalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo chaka ndi chaka Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika pa Kulamba. Ulemu wonsewu sufika wokha kumudzi.

Kumudzi zolakwa zimachokera mbali zonse ziwiri, ndipo tizitchule. Alipo alaliki amene amakaika zimkuzamawu moyang'anana ndi manda n'kumaulula zinsinsi za kudambwe, ena kutentha zovala za gule pagulu ngati umboni wa kutembenuka mtima. Alipo a mpingo amene amadula mitengo ya kumanda kuti aotchere njerwa za tchalitchi, osapempha mwini mzinda. Mbali inayi, zilipo zilombo zimene zimathamangitsa ana popita kusukulu, kutseka njira ya kutchalitchi Lamulungu m'mawa, kapena kugwira munthu wodutsa n'kumulowetsa mokakamiza, abale ake n'kulipitsidwa mbuzi kapena ndalama kuti atuluke. Akuluakulu a gule enieni amadana nazo zimenezi, chifukwa gule ali ndi malamulo ake ndiponso eni ake: mwini mzinda, wakunjira, atsabwalo ndi anamkungwi. Komiti ya mtendere ikafuna kulankhula ndi gule ilankhule ndi anthu amenewa, kudzera kwa mfumu, osati kutumiza apolisi kukalowa kudambwe. Apolisi akalowa kumeneko mwankhanza, mlandu wa mnyamata mmodzi wosamvera umasanduka wa mudzi wonse.

Nyengo yovuta imadziwika: anthu akakolola, kuyambira mwezi wa Juni mpaka mvula yoyamba. Choncho mu Meyi mfumu yaikulu iliyonse iitanitse eni mizinda, angaliba, anankungwi, abusa, ansembe, mashehe, aphunzitsi aakulu ndi wazaumoyo wa m'deralo kuti apange kalendala imodzi. M'kalendalamo mulembedwe masiku a zinamwali, masiku a misonkhano ikuluikulu ya chitsitsimutso, njira zimene zilombo zidzadutse ndi maola ake, ndi zizindikiro zoika panjira kuti mlendo asasochere. Zinamwali zichitike patchuthi chachikulu basi, ndipo ndagala, thezo ndi tsimba zitsekedwe kutatsala sabata yathunthu kuti sukulu zitsegulidwe. Pa jando, mdulidwe uchitike mogwirizana ndi achipatala, ndipo kumene ngaliba akugwirabe ntchitoyo, lezala limodzi likhale la mwana mmodzi. Pali vuto lina limene limabwera chaka chilichonse: mwana wa m'banja lachikhristu amathawira kundagala kutsatira anzake, ndipo mwambo umati wolowa satuluka mpaka atamaliza, makolo alipire. Izi zikambidwe mwana asanathawe. Mgwirizano unene kuti mwana wofika popanda kholo kapena malume aimitsidwe kunja kwa mpanda, asanaone kanthu, ndipo mfumu idziwitsidwe tsiku lomwelo.

Mafumu athu, pa mfundo iyi tikulankhula ndi inu mwaulemu wonse. Mwambo umene umakakamiza mtsikana kugonana ndi mwamuna potuluka m'tsimba si nkhani yokambirana pabwalo. Malamulo a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa mwana ngakhale makolo atavomera. M'busa kapena shehe wodalitsa ukwati wotere walakwira lamulo lomwelo.

Palinso malo amene chipembedzo chimapha munthu osagwira chikwanje. Mu Januwale 2016 ku Neno agogo anayi adaphedwa mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzimo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Kayendedwe ka zoterezi n'kamodzimodzi. Wachinyamata wamwalira mwadzidzidzi, pasiwa payamba manong'onong'o, wina wathamangira kwa sing'anga kapena kwa mneneri, ndipo yankho labwera loti mfiti ili m'banja momwemo, ndi munthu wachikulire, wamkazi. Dzina silitchulidwa, koma aliyense wamudziwa. Anyamata amene akhala akumwa kachasu usiku wonse amamaliza nkhaniyo pochokera kumanda. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Alaliki ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena amadziwa koma sadaonepo mnzawo akuyankha mlandu.

Nthawi yopulumutsira gogoyo ndi yochepa, kuyambira pamene imfa yamveka kufika pamene anthu akubalalika pochokera kumanda. Nyakwawa ikangomva manong'onong'o, iuze a chitetezo cha m'mudzi ndi apolisi usiku womwewo, gogoyo asamutsidwe mwakachetechete kupita kwa mbale wa kumudzi wina kapena kunyumba ya m'busa kapena shehe. Wazaumoyo kapena wachibale amene adali kuchipatala afotokoze pamaliro chimene madokotala adapeza, banja likalola. Woyendetsa mapemphero anene momveka kuti chipembedzo chake sichilola kukhetsa mwazi wa munthu. Ndipo apa pali mpata waukulu m'dongosolo lanu: aneneri ambiri oyendetsa mautumiki awoawo sali pansi pa bungwe lililonse mwa mabungwe amene amapanga PAC. Kalata yochokera ku likulu siwapeza. Komiti ya boma iyenera kuwadziwa mmodzimmodzi, kuwayendera kumene amapempherera, kuwaitana kumisonkhano ndi kuwawerengera lamulolo maso ndi maso.

Komiti yoti igwire ntchito zonsezi singakhale ya anthu okhala paboma okhaokha. Ikhale ndi nthambi kwa mfumu yaikulu iliyonse, ndipo kwa gulupu aliyense kukhale anthu awiri kapena atatu odziwika amene foni zawo zili ndi aphunzitsi aakulu, apolisi ndi anyakwawa. Amayi asalowemo mongodzaza chiwerengero. A Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, amayi a m'miphakati ndi amayi achisilamu ndiwo amagona pasiwa, ndiwo amatunga madzi pamjigo umodzi, ndipo mphekesera amaimva maola ambiri mfumu isanaimve. Mwa achinyamata musasankhe okhawo odziwa Chingerezi. Tcheyamani wa akabaza pasiteji amadziwa amene akusonkhanitsa anyamata ndi amene wagula petulo m'chigubu. Amene ali ndi udindo m'chipani asakhalemo. Tidaona mu 1999 mizikiti ikutenthedwa kumpoto chifukwa cha zotsatira za chisankho, ndipo mu 2003 matchalitchi ku Mangochi adaonongedwa chifukwa cha alendo asanu achisilamu amene adatulutsidwa m'dziko muno. Moto wa ndale ukagwira denga la chipembedzo suzima msanga.

Pa ndalama, chimene chimapha makomiti otere n'chodziwika. Ndalama zimathera m'maphunziro a masiku atatu kunyanja ndi m'maalawansi, ndipo tsiku limene sukulu yazingidwa ndi anthu olusa, wapampando alibe mafuta a njinga yamoto kapena mayunitsi. Khonsolo iliyonse ikhale ndi kathumba kapadera ka mayendedwe adzidzidzi, kotulutsidwa ndi anthu awiri osainira tsiku lomwelo, ndipo kawerengedwe poyera miyezi itatu iliyonse.

Zikavuta ndithu, masiku awiri oyamba ndiwo amagamula. Opita kumaloko apite awiriawiri, Mkhristu ndi Msilamu, kapena wa mpingo ndi wa kudambwe, pagalimoto kapena panjinga imodzi, kuti anthu aone ndi maso. Ayambire kwa mfumu. Tsiku loyamba amve mbali iliyonse payokha, osaweruza ndiponso osalonjeza. Madzulo ake patuluke uthenga umodzi wogwirizana, wonena zimene zachitika ndi zimene sizidachitike, uwerengedwe pawailesi za m'deralo monga Radio Maria, Radio Islam, Dzimwe kapena Mudzi Wathu, utumizidwenso m'magulu a WhatsApp ndi mawu a atsogoleri amene anthu amawadziwa. Kukumana kwa mbali zonse kuchitike pabwalo la mfumu kapena ku TDC (malo okumanira aphunzitsi a m'zoni), osati m'tchalitchi kapena mumzikiti. Wina atsegule ndi pemphero, wa mbali inayo atseke. Olankhula akhale ochepa, atatu kapena anayi mbali iliyonse, chifukwa pagulu la anthu 200 munthu amalankhulira omuombera m'manja. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo limafuna akuluakulu amene mbali zonse zimawakhulupirira, osati amene ali ndi udindo waukulu chabe.

Pa zokambiranazo musasakanize milandu. Kutukwanizana, kulowa malo oletsedwa mosadziwa, phokoso, malire a manda ndi tchalitchi, zonsezi zithe ndi kupepesa, nkhuku, mbuzi kapena chindapusa monga mwa mwambo. Kutentha nyumba, kuvulaza, kupha ndi kugwirira mwana ndi za apolisi ndi khoti, ndipo komiti inene zimenezi poyambirira penipeni. Komiti ikangopempha kuti wotentha sukulu atulutsidwe pofuna kuti mitima izizire, mbali yolakwiridwa imaphunzira kuti chiwawa chimalipira, ndipo ulendo wotsatira idzayamba ndiyo.

Zogwirizana zilembedwe m'chiyankhulo cha anthuwo, ndi maina a ochita chilichonse ndi tsiku lomalizira. Makope akhale anayi: kwa mfumu, kwa mbali ziwirizo ndi kwa bwanamkubwa. Ziwerengedwe kumzikiti Lachisanu, kutchalitchi Loweruka ndi Lamulungu, ndi pabwalo. Chimene chidaonongeka akonze pamodzi, awa aumbe njerwa, awo abwere ndi mchenga, ngakhale boma litapereka malata. Pakatha masiku 30 komiti ibwerere kukaona ngati zikutsatidwa, ibwererenso pakatha masiku 90. Ulendo wachiwiriwu ndi umene umaiwalika kawirikawiri, pamene ndi nthawi imene mphunzitsi wamkulu wasamutsidwa, wansembe watsopano wabwera, ndipo wobwerayo sakudziwa kuti padali pangano.

Tikupempha kuti bwanamkubwa aliyense, pofika mwezi wa Meyi, akhale atalandira kuchokera kwa mafumu ake aakulu kalendala ya zinamwali ndi misonkhano ya zipembedzo, maina a anthu a mtendere a kwa gulupu aliyense, ndi mndandanda wa sukulu zimene zachita msonkhano wa makolo, mpingo ndi mzikiti. Komishoni iitanitse mapepala amenewa boma ndi boma, ndipo ilengeze poyera maboma amene apereka ndi amene sadapereke.

Ndife anu mwaulemu,

Ena mwa oyanjanitsa anthu m'midzi, ochokera m'mipingo, m'mizikiti ndi m'mabwalo a mafumu